Tinyenyezi ta Asterina m'thanki ya makorali: kusiya, kutola pamanja, kapena kugula harlequin shrimp?

Aliyense woweta makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomera pamiyala ngati maluwa) m'thanki ya madzi amchere amadziwa kuti si zonse zokhala m'thankimo zimene anagula. Mwala wochokera m'nyanja, umene ogulitsa amautcha live rock, umabwera ndi alendo ake: tinkhono, tinyongolotsi, tinkhanu, komanso tinyenyezi ta m'nyanja (starfish) totuwa timene m'masitolo a nsomba amangoti Asterina. Kachidutswa ka korali kogula kwa mnzanu nakonso kamatha kubwera nato titabisala kunsi kwa pulagi, kachinthu kolimba komwe amamatapo kachidutswako. Poyamba mumaona kamodzi kokha katamata pagalasi m'mamawa. Pakatha miyezi ingapo muli makumimakumi, ndipo mukafunsa anzanu, wina akuti ndi antchito aulele osesa thanki, wina akuti tinamumalizira makorali a ndalama zambiri.

Onse awiri akhoza kukhala kuti akunena zoona, chifukwa tinyenyeziti si ta mtundu umodzi. Dzina loti Asterina linaperekedwa ndi Giovanni Domenico Nardo mu 1834, ndipo mtundu wodziwika kwambiri wa dzinali, Asterina gibbosa, ndi wa m'magombe a ku Ulaya, wa manja asanu olingana bwino. Mu 2004 akatswiri awiri, Mark O'Loughlin ndi Jonathan Waters, atasanthulanso banja lonse la Asterinidae, anaika mitundu yambiri ya m'nyanja zofunda za Indian ndi Pacific m'gulu latsopano lotchedwa Aquilonastra. Tambiri timene timapezeka m'mathanki ndi ta m'gulu limeneli. Kusiyanitsa mitundu yake kumafuna maikulosikopu ndi munthu wozolowera ntchitoyo, ndiye inu ndi mnzanu mukhoza kumakangana usiku wonse pamene aliyense akunena za kachirombo kena.

Kanyenyezi kamodzi kamakhala pakati pa theka la sentimita ndi sentimita imodzi ndi theka. Mukakayang'anitsitsa mupeza kuti manja ake ndi osalingana: atatu aatali, atatu kapena anayi ongophukira kumene. Si kulumala ayi. Timaswana pong'ambika pakati, chidutswa chilichonse n'kumeretsa manja osowawo. Sitifuna kakamuna ndi kakakazi, sitidikira nyengo. Kamodzi kokha kakalowa m'thanki yomwe muli chakudya chokwanira, basi mbumba yayambika. Kadyedwe kake nako n'kofunika kukadziwa. Pakamwa pali kunsi, ndipo pofuna kudya kamatulutsa chifu chake n'kuchiyala pamalo pomwe kakhalapo, kugaya chakudya panja pomwepo, kenako n'kubweza chifucho mkati. Pagalasi mungathe kuona zimenezi ndi maso anu: pakati pa kanyenyezi pamaoneka kachikopa kopyapyala kotuwira katayalidwa. Chimene kakudya nthawi zambiri ndi utoto woterera wa ndere ndi mabakiteriya umene umamera pagalasi ndi pamiyala, pamodzi ndi zotsalira zowola.

Musasokoneze Asterina ndi tinyenyezi tina ta manja aatali owonda ngati ulusi timene timatulutsa manja okhawo m'ming'alu ya miyala, monga Ophiactis ndi Amphipholis. Timeneto tilibe mlandu uliwonse ndipo nkhani ino sikutikhudza.

Musanasankhe njira, pezani kaye umboni

Mlandu waukulu wa tinyenyeziti ndi wakuti timadya makorali, makamaka Zoanthus ndi Palythoa, amene oweta amangoti mazoa, ndiponso nthawi zina makorali olimba a timaluwa ting'onoting'ono monga Acropora ndi Montipora. Pali anthu amene anazionadi zimenezi, ndipo sindikuwatsutsa. Koma kupeza kanyenyezi pa korali wodwala sikutanthauza kuti ndiko kamudwalitsa. Ntchentche imatera pachilonda, koma si ndiyo idabweretsa chilondacho. Korali akayamba kufa, mnofu wake wowola ndi ndere yomera pamalo ovulalawo ndi chakudya chenicheni cha tinyenyeziti, ndipo timafikapo mwachangu.

Adani enieni a mazoa nthawi zambiri saoneka masana. Pali ma nudibranch (nkhono zopanda chigoba) ang'onoang'ono amene amatenga mtundu wa zoa yomwe akudya, moti mungawayang'ane osawaona; amaikira mazira oyera ozungulira ngati kamphete m'mbali mwa tsinde. Pali nkhono ya Heliacus, ya chigoba chozungulira cha mawanga akuda ndi oyera, imene imaboola zoa n'kumayamwa. Pali tiakangaude ta m'nyanja timene timalowa mpaka mkati mwa mnofu. Kwa Acropora kuli nyongolotsi zaphwatalala zosiya zipsera zozungulira kunsi kwa nthambi, ndi tinsabwe tofiira totchedwa Tegastes acroporanus. Ndiye palinso madzi enieniwo. Alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa asidi, yoyezedwa mu dKH) ikamadumphadumpha, lero 7 dKH mawa 10, Acropora amasupuka mnofu kuyambira kutsinde popanda chirombo chilichonse kumukhudza. Munthu amene sanayeze madzi ake sabata yonse alibe chifukwa chokwanira cholozera chala tinyenyezi.

Kafukufuku wake ndi wotsika mtengo. Dikirani ola limodzi kapena awiri magetsi a thanki atazima, mutenge tochi ya kuwala kofiira, muone komwe tinyenyezi tapita. Ngati tamwazikana pagalasi, pamiyala ndi pamapaipi, ndi tosesa chabe. Ngati tadzaza pa gulu limodzi la mazoa amene dzana anali otseguka bwino, nyamulani kamodzi muone pansi pake. Kuyenda pamwamba pa zoa kumaitseketsa kwa kanthawi, mawa lake imatsegukanso. Kudya kumasiya bala: khungu lotumbuluka, lonyenyeka, pomwe panali chifu chija. Amene akufuna kutsimikiza bwino angathe kutenga tizidutswa tiwiri ta zoa yathanzi, kamodzi n'kuika m'kabokosi ka maenje mkati mwa thanki pamodzi ndi tinyenyezi tingapo, kenako m'kabokosi kena popanda kanyenyezi, n'kuonerera sabata imodzi kapena ziwiri. Madzi ndi omwewo, kuwala n'komweko, ndiye kusiyana kulikonse kukuuzani zoona za thanki yanu, osati ya munthu wina.

Mumva ena akuti toyera kapena totuwa n'tabwino, koma ta mawanga akuda, ofiira kapena abuluu ndito todya makorali. Ndi nzeru ya oweta, yosatsimikizidwa. Ingakuthandizeni kudziwa toyamba kutiyang'anira, koma siingalowe m'malo mwa tochi ija.

Kungotisiya

M'thanki ya nsomba zokhazokha, kapena ya makorali ofewa akuluakulu monga Sarcophyton ndi Sinularia, ine sindiona chifukwa chovutikira. Timadya zomwe mukadakanda ndi manja anu, timalowa m'ming'alu momwe nkhono zikuluzikulu sizifika, ndipo sitifuna chakudya chapadera. Kuchuluka kwake kumakwera n'kutsika kokha malinga ndi chakudya.

Mtengo wake ulipo ndithu. Tinyenyezi tina timadya ndere ya coralline, yolimba ija ya pinki ndi pepo imene oweta ambiri amaidikira miyezi kuti ikute miyala ndi galasi lakumbuyo. Pomwe kadyapo pamatsala kadontho koyera kozungulira. Ngati calcium ali pakati pa 400 ndi 450 ppm (magawo pa miliyoni) ndipo alkalinity ili yokhazikika, coralline imamerapo msanga kuposa momwe ikudyedwera. M'thanki yatsopano, momwe coralline yangoyamba kumene, madonthowo amawawitsa mtima. Kwinako ndi maonekedwe basi: si aliyense amafuna kudzuka n'kupeza galasi la kutsogolo lili mbuu ndi tinyenyezi.

Kutola pamanja

Iyi ndi njira yomwe ndingauze anthu ambiri, ngakhale ili yotopetsa. Nthawi yabwino ndi m'mamawa magetsi asanayake, pamene tambiri tili pagalasi. Kakhadi kakale ka pulasitiki kamatimatula mosavuta, inu mutatchera kaukonde pansi pake. Ena amagwiritsa ntchito kapaipi kopopera madzi pa tsiku losintha madzi, n'kumatikokera m'ndowa. Pamiyala pamafunika kopanira kakang'ono. Mungathenso kutchera nyambo: kachidutswa ka nori (ndere ya m'nyanja youmitsa) komangirira pa kamwala ndi labala, kusiya pamchenga usiku, m'mawa n'kunyamula kamwalako ndi onse amene abwera kudzadya.

Pali zinthu ziwiri zoti musachite. Musakaphwanyire pagalasi kapena kukadula m'thanki momwemo, chifukwa chidutswa chokhala ndi mbali ya pakati chimamera n'kukhala kanyenyezi kena, mwangokathandiza kuswana. Ndipo musatiponye mu sump, thanki yapansi yosefera madzi, poganiza kuti mwathana nato. Kumeneko timakhala bwino, inde, koma tating'ono timabwereranso kumtunda kudzera m'pampu.

Dziwani kuti pamanja simudzatimaliza. Cholinga ndi kuchepetsa, makamaka pafupi ndi makorali amene mumawadera nkhawa. Mukatola kawiri kapena katatu pa sabata kwa mwezi, kusintha kumaoneka, ndipo pambuyo pake ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Apa pali chenjezo lomwe ndi lalikulu kuposa nkhani ya tinyenyeziyo. Mazoa ena, makamaka a Palythoa, ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, amene Richard Moore ndi Paul Scheuer anamupatula koyamba mu 1971 kuchokera ku Palythoa wa ku Hawaii. Ndi mmodzi mwa mapoizoni oopsa kwambiri a m'chilengedwe. Amalowa pabala, m'maso, ndiponso popuma. Bungwe la zaumoyo la CDC ku United States linafalitsa mu 2015 lipoti la anthu a ku Alaska amene anadwala pakati pa 2012 ndi 2014 atapuma mpweya wa poizoniyu m'nyumba ndi m'masitolo a nsomba. Choncho pochotsa kanyenyezi pakati pa mazoa valani magolovesi, ndipo ngati mwatulutsa mwala m'madzi valaninso magalasi oteteza maso. Musakweche mwala wotere ndi burashi panja pa madzi, ndipo musauthire madzi otentha kapena kuuwiritsa pofuna kupha tinyenyezi. Nthunzi yake ingagoneke banja lonse m'chipatala.

Tinyenyezi totoledwato tiumitseni kapena tiikeni mufiriji youmitsa, kenako m'bini. Osati m'chimbudzi, osati m'ngalande. Kwa amene ali kutali ndi nyanja yamchere chiopsezo n'chochepa, popeza palibe nyenyezi ya m'nyanja imene imakhala m'madzi opanda mchere. Ndi chifukwa chake m'nyanja ya Malawi mulibe ngakhale imodzi. Koma wokhala ku Durban kapena ku Beira, pafupi ndi nyanja yofunda, asamale. Mwachitsanzo, ndere ya Caulerpa taxifolia imene inafalikira m'nyanja ya Mediterranean itaonekera koyamba ku Monaco mu 1984 inali ya mtundu wowetedwa m'mathanki.

Kuchepetsa chakudya chake

Tinyenyezi tikachuluka mwadzidzidzi, thanki ikukuuzani kuti muli chakudya chambiri. Mwina mukuthira chakudya cha nsomba chopitirira, mwina skimmer (makina ochotsa zonyansa m'madzi) yatopa, mwina magetsi akuyaka maola ochuluka. Yezani nitrate ndi phosphate, zotsalira za m'madzi zimene ndere imadya. Oweta ambiri amasunga nitrate pakati pa 2 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Ngati zanu zili pamwamba kwambiri, kuzitsitsa pang'onopang'ono kumachepetsa utoto wa ndere uja, ndipo kuswana kumazilala. Kuwonjezera nkhono zodya ndere monga Trochus ndi Cerith kumathandizanso, chifukwa zimalimbirana nato chakudya chomwecho.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti thanki yonse imapindula. Kuipa kwake n'kwakuti imachedwa, ndipo ili ndi msampha. Mukatsitsa nitrate ndi phosphate mpaka ziro, makorali amatumbuluka ndipo ma dinoflagellate, ndere yamamina yabulauni yovuta kwambiri kuthetsa, amapeza mpata. Ndiponso ganizirani izi: ngati muli ndi tinyenyezi mazana n'kutichotsera chakudya tsiku limodzi, tanjalato tipita kuti? N'chifukwa chake ndimati njirayi iyende limodzi ndi kutola pamanja. Yambani mwachepetsa tinyenyezito, kenako muchepetse chakudya.

Harlequin shrimp

Iyi ndi njira yomwe imatchulidwa msanga kuposa zonse, ndipo ndi yomwe imafuna kuiganizira nthawi yaitali kuposa zonse. Harlequin shrimp, dzina lake la sayansi Hymenocera picta, ndi kanyama ka m'gulu la nkhanu kokongola modabwitsa: thupi loyera, mawanga akuluakulu a pepo, ofiira kapena abuluu, ndi zikhadabo zaphanthiphanthi zomwe imazigwedeza ngati ikuvina. Siposa masentimita 5. Imapezeka m'nyanja zofunda kuyambira kugombe la kum'mawa kwa Africa mpaka ku Hawaii, ndipo kuthengo imakhala iwiriiwiri, yaimuna ndi yaikazi. Ikapeza nyenyezi yaikulu imaigadabuza chagada, kuikokera kuphanga, n'kumadya timiyendo tofewa takunsi kuyambira kunsonga ya dzanja kulowera pakati, nyenyeziyo ikadali moyo masiku angapo. Imadyanso ngakhale Acanthaster, nyenyezi yaminga yomwe imawononga makorali ku Great Barrier Reef ku Australia.

Pa ntchito yothetsa Asterina palibe chinzake. Imalowa m'ming'alu momwe dzanja lanu silifika, imagwira ntchito usiku, ndipo siikhudza makorali. M'thanki yapakatikati, pakatha masabata kapena miyezi ingapo galasi limayera.

Vuto limayambira pomwepo. Harlequin shrimp imadalira nyenyezi za m'nyanja pa chakudya chake. Siilandira chakudya cha m'paketi, siilandira mysis (tishrimp ting'onoting'ono todyetsera nsomba) youmitsa. Tsiku lomwe kanyenyezi komaliza katha, kanyama kanu kayamba kufa ndi njala, pokhapokha muyambe kukagulira chakudya. Amene amaiweta mokhazikika amagula nyenyezi zotchedwa chocolate chip, Protoreaster nodosus, zogwidwa m'nyanja za Indonesia ndi Philippines. Nyenyezi imeneyi payokha imadya makorali ofewa ndi masiponji, ndiye siyingasungidwe m'thanki yaikulu. Imafuna thanki yake kapena malo mu sump. Ena amasunga zingapo n'kumadula dzanja limodzi mosinthanasinthana kuti zimere, ena amapereka yathunthu. Yathunthuyo ikafa shrimp isanaimalize, imawola msanga n'kuipitsa madzi, ndipo m'thanki ya malita 60 kapena 100 zimenezi zingaphe zina. Taganizani: munayamba ndi tinyenyezi tosalipira lendi tomwe mwina sitinalakwe kanthu, tsopano mwezi ndi mwezi mukugula nyama yochokera kutsidya la nyanja kuti idyedwe yamoyo. Kwa ine malonda amenewa ndi oluza, kupatula ngati munkafuna kale harlequin shrimp chifukwa cha kukongola kwake ndipo mwavomera zonse zobwera nayo.

Onjezani pamenepo kuti ngati muli ndi nyenyezi zokongoletsera monga Fromia kapena Linckia, zimenezo zidzadyedwa, mwinanso zisanathe Asterina. Ngati muli ndi nsomba monga triggerfish, hawkfish, pufferfish kapena wrasse zikuluzikulu, shrimp ndiyo idzakhala ndiwo, makamaka pa nthawi yofundula pomwe chigoba chili chofewa. Ndiponso siipirira kusintha kwadzidzidzi kwa mchere. Imafuna kuzoloweretsedwa ndi madontho a madzi a m'thanki pang'onopang'ono polowa, ndi madzi a mchere wokhazikika pa muyezo wa specific gravity wa 1.025 kapena 1.026, kutentha madigiri Celsius 24 mpaka 26.

Wokhala ku Cape Town angaganize zokatola tinyenyezi ta Parvulastra exigua tomwe tadzaza m'timaiwe ta m'matanthwe a kugombe kuti azidyetsa shrimp. Kutola zamoyo m'nyanja ku South Africa kumafuna chilolezo, ndipo m'malo ena otetezedwa n'koletsedwa.

Njira yokhayo imene ndimaiona yanzeru ndi yobwerekana. Kumene kuli gulu la oweta makorali, shrimp imodzi kapena ziwiri zimatha kumazungulira: miyezi iwiri kwa uyu, zikamaliza zipite kwa wina amene galasi lake ladzaza. Amene amatola pamanja nawonso amapeza kopereka zotola zawo m'malo motaya. Koma pangano limeneli lipangidwe shrimp isanagulidwe, osati italowa kale sabata yachiwiri osadya. Ndipo kumbukirani kuti kuigwira m'thanki yodzaza miyala si masewera. Nthawi zambiri mumainyengerera ndi nyambo ya nyenyezi m'kabotolo.

Zina zomwe mungamve

Bumblebee shrimp, Gnathophyllum americanum, nayo imadya timiyendo ta nyenyezi, ndipo ubwino wake ndi wakuti imalandira chakudya china chanyama. Koma ndi yaing'ono kwambiri, ndipo pa tinyenyezi tochuluka ntchito yake siioneka. Nsomba yodalirika pa ntchitoyi palibe. Mankhwala a copper amapha tinyenyezi, inde, pamodzi ndi makorali, nkhono ndi shrimp zonse, ndipo amalowerera m'miyala. M'thanki ya makorali sayandikira n'komwe. Kutulutsa miyala yonse n'kuiumitsa padzuwa kumapha tinyenyezi ndi mabakiteriya osefa madzi omwe, kutanthauza kuyamba thanki pachiyambi chifukwa cha kachirombo ka sentimita imodzi.

Kutseka pakhomo

Kwa amene akuyamba thanki yatsopano ndi miyala youma, kapena amene ali ndi mazoa odula osowa, kuteteza n'kotheka ndithu. Korali aliyense watsopano aviikidwe m'mankhwala ochapira makorali monga Coral Rx kapena Revive kwa mphindi zomwe zalembedwa pabotolo, mukumupemerera madzi ndi kapaipi kuti zobisala zigwe, kenako atsukidwe m'madzi a thanki oyera. Mankhwalawa amafooketsa tinyenyezi n'kutigwetsa, koma kobisala m'bowo la pulagi kamatha kupulumuka. Choncho ngati n'kotheka dulani korali pa pulagi yakale mumumate pa yatsopano. Galasi lokulitsa zinthu ndi mphindi zisanu zoyang'anitsitsa kunsi zimagwira zambiri kuposa mankhwala. Wokhala ndi malo asunge korali watsopano m'kathanki kapadera kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo asanamulowetse. Phindu lalikulu la zimenezi si Asterina n'komwe, koma ma nudibranch ndi nyongolotsi zaphwatalala zija, zomwe mazira ake safa ndi mankhwala ochapirawa.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Thanki ya miyala youma yotsekedwa chotere imachedwa kukhwima, chifukwa pamodzi ndi Asterina mwatsekeranso kunja tizamoyo tambiri tothandiza timene live rock imabwera nato, ndipo miyezi yoyambirira imakhala ya ndere zonyansa. Wosunga Acropora ndi mazoa amtengo wapatali angaone kuti n'koyenera kupirira zimenezo. Woweta makorali ofewa ndi nsomba ziwiri za clownfish pabalaza angachite bwino kulandira mwala wamoyo ndi alendo ake, n'kusunga kakhadi ka pulasitiki ndi tochi yofiira pafupi ndi thanki, kuti tsiku lomwe gulu lina la mazoa lakhala lotseka masiku atatu otsatizana akayang'ane usiku womwewo chimene chili pamenepo.